Njere za Bonongwe mu Onga wa a Zakeyu

Ndidali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene nkhondo idatitsekera shikola ku Furancungo, ndipo ndinene poyera kuti apulofesoli ena, aphunzitsi athu aja, adapumira m'mwamba tsiku limenelo, poti adathana nane. Ndine ndidaika bilimankhwe m'kabokosi ka choko. Ndine ndidabisa chitsulo chimene ankaimbira belu, shikola yonse n'kumalowa mwachisawawa masiku awiri. Ndinenso ndidawaza chitedze pampando wa mlembi wa shikola, bambo wonenepa amene ankatitchula kuti mbuli za kumapiri, mpaka adavina pakati pa bwalo popanda ng'oma. Za zimenezi musayembekezere kuti ndilapa. Lero mutu wayera, ana anga ali ndi ana awo, koma ndikakumbukira mlembi uja akudzikhula pa mtengo wa bulugamu ngati ng'ombe ya nkhupakupa, ndimaseka ndekha mpaka misozi. Pali chimodzi chokha chimene ndikachikumbukira, kuseka kumandiumira m'kamwa.

Bambo anga adamwalira ndili wamng'ono. Mayi ataona kuti ku Furancungo kwayamba kununkha, adanditumiza kwa mng'ono wa bambo anga, a Zakeyu, kumudzi wina wa m'mapiri kuseri kwa Ntengo-Wambalame. Kumeneko n'kozizira, nkhungu imachoka dzuwa litakwera kale, ndipo anthu amalima kachewere, nyemba ndi chimanga. A Zakeyu adali munthu wamtali, wa mawu ochepa, wosajomba kutchalitchi, wa ng'ombe zisanu. Akazi awo, aNambewe, adachokera mbali ya ku Macanga. Adali aafupi, a mpata kumano, oseka ndi thupi lonse. Ana awo awiri adamwalira ali akhanda, ndipo ena sadabwerenso. Tsiku limene ndidafika adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunditcha aDotolo, poti ndidabwera ndi makope atatu m'thumba. Dzinalo lidakhala. Nkhani ya chitedze nditawafotokozera, adaseka mpaka kukhala pansi, mondokwa n'kupserera pamoto. Ndidadziwa pomwepo kuti ndapeza mayi wondiyenera.

A Zakeyu adali mlenje. Mfuti yawo idali yakale, yotchera kamodzi kamodzi, ya thako losalala ndi thukuta la manja. Adawasiyira ndi Mpwitikizi wina wa munda wa tirigu, amene adamugwirira ntchito yolondola mapazi a nyama zaka zambiri. Pochoka dziko litasintha, mzunguyo adawasiyiranso chikombole choumbira zipolopolo, kabokosi ka masipuleta, tija timabatani toyatsa moto kuthako kwa katushu, koko lija lokhalamo onga ndi chipolopolo, ndi lata ziwiri, zitini zazikulu, za onga. Pofika ine lata imodzi idali itatha, inzake ili pakati. Makatushu atsopano kudalibe kowagula, choncho a Zakeyu ankadzazanso makoko akale. Mfutiyo inkagona kudenga kwa kakhola ka ana a ng'ombe, ndipo mudzi wonse unkadziwa koma osadziwa.

Ntchito yodzaza makatushu ankaigwira masana, m'kanyumba kosungiramo mbewu, chitseko chili chotseka, kuwala kukungolowera pa kazenera kamodzi. Munthu wamkazi sankaloledwa kupondamo. Ine adandilola kuyambira sabata yoyamba, ati ndine mwana wa m'nyumba, ndipo mfutiyo idzakhala yanga. Poyamba ankasankha makoko, kuyang'anitsitsa zilembo za kuthako kwake. La zilembo zachilendo, linyezimire chotani, ankaliponya kumbali. Ana ankatola makoko ambirimbiri mumsewu, mmene asilikali adawomberana, koma iwo sankawafuna. Mtovu ankausungunula kuchokera ku batiriya ya tratoli yolimira yakufa, kuuthira m'chikombole, kenako chipolopolo chilichonse kuchiika pa kasikelo ka tizivindikiro tiwiri ta botolo topachika ndi ulusi. Mbali inayo kunkakhala chipolopolo chimodzi chakale chimene ankachitchula kuti make. Chopepuka kuposa make, kaya cholemera, chinkabwerera pamoto. Onga ankautapa ndi kakoko kodula pakati, ka chigwiriro cha waya, n'kusalaza pamwamba ndi nthenga ya nkhanga, osagwedeza, osatsendera. Makatushu asanu okha ankawadyera masana onse.

Ine zinkanditopetsa. Tsiku lina ndidawafunsa, mwa nzeru zanga za kushikola, ngati gwape angadziwe kuti onga wapereweza timbewu tiwiri.

“Gwape sadziwa, Dumingu, koma mfuti imadziwa,” adatero osatukula mutu. “Iyi ndi nkhalamba. Idaphunzira katushu mmodzi yekha. Ukaipatsa wina, ilankhula zina.”

Kenako adandifotokozera, mawu ambiri kuposa amene ndidawamvapo akulankhula. Nkhondo isadafike ankapita kuchulu kuseri kwa dambo, kumata kapepala, kuwombera katatu, mabowo atatuwo n'kukwana pansi pa chikhatho chimodzi. Apo ndipo adadziwira muyeso wa onga, kulemera kwa chipolopolo ndi mtundu wa koko zimene mfuti yawo imamva. Tsopano kuyesa koteroko kudatha. Katushu sungamuyese popanda kumuwononga, ndipo mfuti sungailize chabe dziko lili chonchi. Chimene chidawatsalira n'kuonetsetsa kuti katushu aliyense wa lero afanane ndi aja a pachulu, onse akhale a mimba imodzi.

Kuopa kuliza mfuti kudali ndi chifukwa. M'mapiri mfuti ikalira kamodzi, mawu amagunda phiri ili ndi ilo, munthu osadziwa kumene achokera. Ikalira kachiwiri, wa makutu amaloza ndi chala. Ndipo makutu adalipo mbali zonse, a asilikali a boma ku posto, kumsasa wawo, ndi a anthu a kutchire amene ankatsika kudzatenga chakudya ndi osenza katundu. A Zakeyu ankatuluka ndi katushu mmodzi m'mfuti, wina m'thumba, ndipo wa m'thumbayo ankabwerera naye. N'chifukwa chake mudzi unkawalekerera, n'kumawatcha a Kamodzi.

Tsopano m'mudzimo mudali a Bonifasiyo a milisiya, munthu woyenda ndi mfuti ya boma yopanda kanthu m'kati, koma m'kamwa modzaza nkhondo. Masana aliwonse ankakhala pa mayi wina wotcheza kachasu, kusimba mmene adathamangitsira adani makumi awiri ali yekha. Munthu woteroyo, kwa ine wa nthawi imeneyo, adali ngati papaya wakupsa wolendewera m'njira. Ndidalowa m'kanyumba ka mbewu a Zakeyu ali kuubusa, kutapa onga pang'ono, kuukulunga m'khoko la chimanga, n'kupita pa kachasu paja ngati ndatumidwa kukapala moto. Ndidaugwetsera pamakala n'kufutuka. Onga wosatsekeredwa suphulika, umangoti fuu, lawi loyera kutalika ngati munthu. A Bonifasiyo adaponya mfuti uko, chikho uko, kudumpha mpanda, kugwera m'khola la nkhumba, kutulukira mbali ina ndi nkhwaira imodzi. Adabwerako madzulo akunena kuti adani abweretsa bomba latsopano lopanda mawu. ANambewe atamva adaseka mpaka kugwira nthiti, osadziwa kuti bombalo lachokera pakhomo pawo. Kunena zoona, mbali iyi ya nkhaniyi imandikomerabe.

Chokoma sichidyedwa kamodzi. Ndidabwereza pa amuna a bawo, ndidabwereza pa anyamata ootcha mbewa, ndidabwerezanso pa a Bonifasiyo omwewo, ndipo adathawanso. Nditayang'ana m'lata tsiku lina, ndidaona kuti ndaonjeza. A Zakeyu ankakanda kamzere ndi msomali m'kati mwa lata, pamene onga walekezera, ndipo tsopano onga udali pansi pa kamzereko ndi zala ziwiri. Ndidayesa makala osinja, koma ankadetsa zala. Ndidayesa mchenga wakuda wa kumtsinje, koma udali wolemera ndi wokhakhala. Ndipo maso anga adagwa pa nsupa imene aNambewe ankapachika kudenga kwa khitchini. M'menemo ankasungamo njere za bonongwe wa masamba aakulu, mbewu imene adabwera nayo kuchokera kwawo pokwatiwa. Amene adaonapo njere za bonongwe akudziwa mmene zimakhalira, ting'onoting'ono, takuda, tonyezimira. Ndidazithira pachikhatho pafupi ndi onga, m'kachisisira ka m'kanyumba muja, ine ndemwe n'kulephera kusiyanitsa. Ndidadzaza lata mpaka pa kamzere, kuvundula ndi kamtengo, n'kutuluka ndikudzitama mumtima kuti shikola siipita pachabe.

Sabata yotsatira a Zakeyu adadzaza makatushu khumi ine ndili pambali pawo. Adasankha makoko, adayeza zipolopolo ndi make, adasalaza onga ndi nthenga ya nkhanga, zonse mwaulemu ngati munthu wokonza guwa. Ndinkaonerera kakoko kaja kakumira m'lata, kutuluka kodzaza, ndipo sindidaganize n'komwe kuti kutapa kwina kukhala ndi njere zambiri, kwina zochepa, kwina kopanda. Ndinkangoti mfuti ichepa mawu pang'ono, basi.

Katushu woyamba adakumana ndi gwape m'mphepete mwa dambo. Chipolopolo chidafukula dothi chisadamufike gwape, iye n'kudumpha kupita. A Zakeyu adabwera, n'kukhala masana onse akupukuta mfuti. Wachiwiri adapha bwinobwino, ndipo ine ndidapuma, ndidadyanso chiwindi. Wachitatu adathyola mphoyo mwendo m'malo molasa pamtima, ndipo a Kamodzi adawombera kachiwiri. Dzuwa lisadapendeke asilikali adafika kuchokera ku posto kudzafunsa amene akuwombera. Palibe adaulula, koma pobwerera adatenga mbuzi ziwiri za anthu. Mudzi udayamba kung'ung'udza. M'mawa mwake ndidawapeza a Zakeyu kuseri kwa khola, ali okha, akulowetsa ulusi pa singano, kutulutsa, kulowetsanso, kuyesa ngati maso awo ayamba kufa. Ndidabwerera chambuyo mwakachetechete. Ndidadziuza kuti makatushu oipawo atha okha, nkhani n'kuzilala.

Nyengo imeneyo nguluwe ina yaikulu idazolowera munda wathu wa kachewere. Inkafukula mizere itatu inayi pa ulendo umodzi, ndipo kachewere ameneyo ndiye adali mchere wathu ndi sabawu wathu wochapira, poti aNambewe ndi amayi anzawo ankamusenza kupita naye kumalire kukasinthanitsa. Mmawa wina, nkhungu isadachoke, a Zakeyu adailondola ndi galu wawo Alekeni mpaka m'bango. Adaipeza pafupi, mapazi khumi okha. Adaloza pamene amaloza masiku onse, ndipo mfuti idangotsokomola. Chipolopolo chidangoboola chikopa. Nguluwe idatembenuka, kung'amba Alekeni pamimba, kudutsa pa a Zakeyu n'kuwatsegula katumba mpaka fupa kuonekera. Adabwera nawo anthu pa machila a mitengo iwiri. ANambewe adang'amba kapulana yawo, nsalu yovala kutchalitchi, kumangira bala, n'kukhala pambali pawo masiku anayi, kutsuka ndi madzi amchere, kuingitsa ntchentche.

Tsiku lachisanu kudafika azakhali a Estere, mlongo wamkulu wa a Zakeyu. Kwathuko, ngakhale kwa anthu opemphera, ulenje uli ndi miyambo yake. Mwamuna akakhala kutchire, mkazi sasesa m'nyumba, sakangana ndi munthu, ndipo koposa zonse sayang'ana mwamuna wina. Mlenje akayamba kuphonya kapena kuvulazidwa ndi nyama, anthu sayang'ana mfuti, amayang'ana kumphasa. A Estere sadawakondepo aNambewe, mkazi wa kutali wosasiya mwana pakhomo. A Estereyo adawerenga pa zala pakati pa bwalo kuti mfuti ndi yomwe ija, onga ndi womwe uja, dzanja ndi lomwe lija, maso akulowetsabe ulusi pa singano, nanga chasintha n'chiyani? Wina adakumbukira kuti ulendo wina wa kumalire, bambo wa njinga adawanyamulirako aNambewe thumba la kachewere pachitunda. Pofika madzulo bambo wa njingayo adali ndi dzina, mudzi ndi dzino la golide.

Adakhala pansi pa mtengo wa pichesi, abale ndi ankhoswe, a Zakeyu atatambalitsa mwendo wawo pa chikopa. Ine ndidakhala pa mtondo wogubuduza, pafupi kwambiri moti ndinkamva fungo la bala. ANambewe adakana modekha, osalira. Adati m'nyumbamo adalowamo ndi mtima umodzi ndipo ukadali womwewo. A Estere adalankhula nthawi yaitali. Pomaliza aNambewe adatembenukira kwa amuna awo, kuwatchula ndi mfunda wawo monga ankachitira masiku onse.

“A Ngozo, nanunso mukutero?”

A Zakeyu adayang'ana pansi. “Ine sindikunena kanthu, Nambewe. Koma mfuti yanga siidandinamizepo.”

Mlandu udathera pamenepo. Adagwirizana kuti aNambewe abapita kwawo mpaka mphepo idutse, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa tanthauzo lake. Ankadziwanso njira ya ku Macanga mmene idalili masiku amenewo, ya mabomba okwirira mumsewu, ya anthu a kutchire m'tinjira, kumene mkazi woyenda ankatha kusenzetsedwa katundu osabwereranso.

Mawu adali m'kamwa mwanga, ndinkawamva kulemera pa lilime. Sindinganame kuti ndinkaopa chikoti, poti chikoti ndidachizolowera ku Furancungo ngati phala la mmawa. Ndinkaopa kuti mfuti ija siidzakhalanso yanga. Ndinkaopa maso a anthu. Koma chachikulu chidali china. Zopusa zanga zonse zinkatha ndi kuseka, ngakhale wondikwapula ankabisa mano. Ichi ndidachitembenuza mbali zonse kufunafuna poseketsa pake, osapapeza, ndipo sindinkadziwa mmene munthu amaululira chinthu chopanda poseketsa. Ndidakhala chete, ndikukumba pansi ndi chala cha kuphazi.

Mmawa mwake aNambewe adamanga kamtolo kawo. Padali amayi awiri a mudzi wina opita mbali yomweyo, amene ankawadikira kutsidya. Adandiitana ngati palibe chachitika, ati aDotolo tandisenzereniko mpaka pamtsinje. Tidayenda mu nkhungu, mame akutinyowetsa miyendo. Titafika pa miyala yowolokera adamasula kamtolo, kutulutsa nsupa ija, n'kuigwedeza pafupi ndi khutu langa. Idalira ngati chisekese chotha mbewu.

“Nsupa iyi idali yodzaza pokolola,” adatero. “Mbewa siitsegula chitsekerero n'kutsekanso.”

Kenako adandiuza kuti pochapa kabudula wa magazi uja adapeza koko m'thumba, ndipo ataligogoda pamwala mudagwa tinjere towauka. Mayi sasokonezeka ndi mbewu yake. Ndidafunsa, mawu akutuluka ngati a mwana wa mbuzi, chifukwa chimene sadanenere dzulo lake.

“Ndikadati chiyani? Kuti m'katushu muli mbewu zanga? Akadati ndine ndidathiramo mankhwala. Ndikadati ndiwe, akadati chumba chija chikudana ndi mwana wa malemu.” Adamanganso kamtolo, kukaika pamutu. “Ndimadikira iwe, Dumingu. Ndidakuyang'ana katatu.”

Kadali koyamba kunditchula dzina langa lenileni. Adandiika nsupa m'manja, n'kunena kuti makatushu otsala alipo asanu, ndipo mwendo ukangopola amuna awo abwerera kwa nguluwe ija, amawadziwa. Ndikawauze ine, poti a Zakeyu sangamverenso mawu a mkazi wawo. Adawoloka akuponda mwala umodzi umodzi, osacheuka. Munthu wanzeru akadawagwira kapulana, kuwapempha kuti tibwerere limodzi. Ine ndidangoima ndi nsupa m'manja mpaka nkhungu idawameza, kenako ndipo miyendo idakumbuka kuthamanga.

A Zakeyu ndidawapeza akuwothera dzuwa pakhonde. Ndidagwada, kuika nsupa patsogolo pawo, n'kunena zonse, kuyambira pa a Bonifasiyo. Sadandidule mawu. Adandituma lata ija ndi mbale yoyera ya chitsulo. Adathira onga pambale, kuipendeketsa padzuwa, ndipo poyera paja ngakhale mwana akadaona kuti tina tikunyezimira mosiyana. Adatola kamodzi ndi chala chonyowa, kukaphwanya pakati pa zikhadabo, m'kati muli mbuu. Adakhala nthawi yaitali akuyang'ana kaufa koyerako. A Estere, amene adamva zonse ali kukhitchini, adatulukira ndi mthiko m'manja.

“Musiyeni, alongo,” adatero a Zakeyu. “Mukamumenya apepukidwa. Mwanayu adasakaniza onga. Koma mkazi wanga ndamuthamangitsa ndine.”

Masana omwewo adaitanitsanso anthu aja pansi pa pichesi, ine n'kuima pakati kubwereza zonse. Nditamaliza, a Bonifasiyo adafunsa mwa mawu otsika ngati ndiye kuti silidali bomba. Anthu angapo adaseka. Kuseka kumene ndinkakufunafuna dzulo lake kudafika, ndipo kudandiwawa kuposa chitedze.

Kutacha ndidanyamuka ndi nkhoswe kuwatsatira. Tidayenda masiku awiri m'tinjira ta ng'ombe, kupewa msewu. Tidawapeza kwa mlongo wawo, amoyo, mapazi atatupa. Adatiuza kuti panjira adabisala m'chigwembe theka la tsiku, amuna a mfuti akudutsa pamwamba pawo, mmodzi mwa amayi aja atatseka mwana wake pakamwa ndi bere. Nkhoswe idalankhula mawu onse oyenera. ANambewe adatiphikira, kutipatsa madzi osamba, kenako n'kuyankha kuti sabwerera ndi nthumwi. Abwere okha amene adati mfuti siinama.

Mwendo wa a Zakeyu udatenga mwezi ndi masabata kuti uponde pansi. Nthawi yonseyo adandipatsa ntchito imodzi. Mmawa uliwonse ndinkakhala pakhonde ndi mbale yoyera ija ndi nthenga ya nkhanga, kupatula njere kumodzi, onga kwina, kamodzi kamodzi. Maso ankatuluka misozi, khosi linkauma, anzanga ankadutsa kupita kokasaka mbewa akundiloza. Pakhomo padalibe woseka. Ndiwo ankaphika ndi a Estere, ndipo zinkakoma ngati chilango. Tsiku limene ndidamaliza ndidapereka lata kwa a Zakeyu ndi manja awiri, ndipo ndivomere kuti kamtima kodzitama kadali katayambanso kudzuka. Adayang'anamo, kuvundula ndi chala, n'kundifunsa ngati ndingalumbire kuti simudatsale njere ndi imodzi yomwe. Ndidapukusa mutu.

Adatenga ndodo yawo, kundiuza kuti ndinyamule lata ndi makatushu asanu aja, tidatsikira kudambo pang'onopang'ono. Adazula zipolopolo, kukhuthulira onga wa m'makoko m'lata, kenako lata yonse kuikhuthulira m'madzi. Udayandama kanthawi ngati nsabwe za m'madzi, n'kumira. Udali onga wotsiriza m'dera lonselo. Ndidalira, ndikunena kuti mwezi wonse ndagwira ntchito pachabe. Adandiyankha kuti onga wokayikitsa ndi woipa kuposa kusowa onga, poti wopanda onga sayandikira nguluwe. Mfuti ija siidalirenso. Nguluwe idadya theka la munda chaka chimenecho, ife tikuiopseza ndi zitini.

Mvula yoyamba itagwa a Zakeyu adapita ku Macanga, akutsimphina, akukoka mbuzi ya chipepeso. Zimene adakambirana kumeneko sindizidziwa. Adabwera awiri patapita sabata. ANambewe atangotula kamtolo adafunsa za njere zimene ndidapatula zija. Ndidawapatsa, adazifesa kuseri kwa khitchini, ndipo zidamera zonse ngati sizidagonepo mu onga. Dzinja lonselo ndidadya bonongwe, masana ndi madzulo. Ankandiikira mbale patsogolo n'kunena mofatsa kuti idyani aDotolo, ndi wanu ameneyu. Sadandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi. Ankandisokera malaya, kundisungira nkhoko, ndipo chaka chotsatira, mudzi utatenthedwa tonse n'kuthawira kutsidya kwa malire, ndiwo adandigwira dzanja powoloka. Koma nkhani zanga sadazisekenso mpaka kukhala pansi. Ankangomwetulira, ngati munthu wolawa ndiwo za mnzake. Ndipo kuchitsime, akafika, amayi ena ankatsitsa mawu. Padali onena kuti mwana wamasiye adangomusenzetsa mlandu kuti banja lisathe. Ndidaulula pamaso pa mudzi wonse, koma ndidaulula mochedwa ndi tsiku limodzi, ndipo tsiku limenelo silidapatulikenso.

Shikola ndidadzamaliza nkhondo itatha, ndipo khalidwe langa silidasinthe kwenikweni. Adzukulu anga amadziwa kuti nsapato ya pakhomo pa agogo amayamba aigwedeza asadaivale. Koma sindiseweranso ndi chinthu chimene munthu wina wachikhulupirira ndi moyo wake popanda njira yochiyesera. Nthawi ija ndinkaganiza kuti a Zakeyu akundiphunzitsa za mtovu ndi makoko. Tsopano ndimaona kuti katushu amangodalira manja amene adamudzaza, poti ubwino wake umadziwika nguluwe ili kale pamaso, ndipo iwo adandilowetsa m'kanyumba muja poyesa kuti manja anga ndi a mimba imodzi ndi awo. Adakayikira maso awo, adakayikira mkazi wawo, osandikayikirapo ine.

Onse awiri adagona kale. Za njere zija ndidadzikhululukira, poti mwana wa zaka khumi ndi zinayi mutu wake ndi phala. Chimene sindidadzikhululukire ndi mtondo uja pansi pa pichesi. M'dimba mwanga bonongwe akamera yekha pakati pa kachewere sindimuzula, ndipo akazi anga adaleka kundifunsa chifukwa chimene munthu wolongolola ngati ine amadyera ndiwo imeneyi mwakachetechete. Ndikamatsina masamba aja ndimaona mayi wamfupi atakhala pamphasa pakati pa anthu, akutembenuza mutu kundiyang'ana, koyamba, kachiwiri, kachitatu, ine ndikukumba pansi ndi chala.